Chithunzi cha Pachikuto

Bonaventure Zikhale anabwerera ku Lilongwe mu Meyi 1976, atatha zaka zisanu ndi chimodzi ku Blantyre. Sikuti anachita kupempha. Boma linali litasamuka ku Zomba, ndipo kampani ya ndege imene iye ankagwirako ntchito inatsegula ofesi ku City Centre, n'kutumizako iyeyo, bwana wake a Greenwell, ndi makina awiri otaipira.

Ntchito yake inali kulemba nkhani za m'magazini ya kampaniyo, ija amaiika m'kathumba kuseri kwa mpando uliwonse wa m'ndege kuti okwera aziwerenga. Inkatuluka kanayi pachaka, m'Chingerezi, papepala loterera. Anali atalembamo za minda ya tiyi, za amisiri osema ziboliboli, za mbalame za kuchigwa. Mwini wakeyo ndege anali asanakwerepo. Ngakhale ku Lilongweko anabwera pabasi.

Anamupatsa chipinda ku Area 4, m'nyumba imene ankakhalamo ndi makalaliki ena awiri. M'mawa uliwonse ankadikira basi ya ku City Centre pamodzi ndi anthu ochokera ku Zomba, amene nkhani yawo inali imodzimodzi, kudandaula za fumbi. Ofesi inali pamwamba, m'nyumba yonunkha penti. Pawindo pankaoneka misewu ikuluikulu yopanda magalimoto, dothi lofiira, ndi timitengo tolekeza m'chiuno tomangiriridwa ku zikhomo.

Sabata yachiwiri a Greenwell anamuitana.

"Kope likubwerali ndi la likulu latsopano," anatero. "Masamba asanu ndi atatu, kuphatikizapo chikuto. Akuluakulu akufuna kuti mlendo asanatere n'komwe adziwe kuti akubwera mumzinda wa mitengo ndi maluwa."

Bonaventure anayang'ana pawindo. "Mitengo yake iti, bwana?"

"Mukaifune. Kodi si inu mwana wa konkuno?"

Analidi mwana wa konko. Mudzi wa kwawo, kwa Chadzuka, unali chakumpoto kwa pomwe panali ofesipo, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Mayi ake, a Naphiri, anamwalira mu 1970. Iye anawaika m'manda, n'kupita ku Blantyre kukayamba ntchito. Chaka chotsatira analandira kalata ya mlongo wake wamkulu, Evelesi, yonena kuti kunabwera malole kudzanyamula mudzi wonse n'kukautula cha ku Nsaru, poti pamalo pawo pamangidwa likulu. Kumudzi watsopanoko anapitako kawiri kokha. Kumabwinja akaleko sanafune n'kuyang'anako komwe.

Zithunzi ankajambula ndi Abdallah, mwini situdiyo yaing'ono ku Old Town, amene kampani inkamulemba ganyu pakakhala ntchito yotere. Masiku awiri anazungulira mzindawo pa njinga yamoto ya Abdallah, Bonaventure ali kumbuyo atakumbatira chikwama cha makamera. Anajambula nyumba za boma pamwamba pa chitunda, mlatho, msika. Abdallah sanakhutire.

"Pachikuto tiikapo chiyani, achimwene? Fumbi? Filimu ya kala ndi yodula, siyoti tizijambulira zikhomo."

Lachinayi a Greenwell anawapezera njira. Ku Area 10 kunali nyumba imene kampani inkachita lendi kuti muzikhala mkulu wa oyendetsa ndege, mzungu, ndipo anthu ankati mkazi wake ali ndi dimba loposa onse kumeneko. A Greenwell anaimba foni, adona aja anavomera.

Mlonda anawatsegulira geti. Adona anawalandira pakhonde ndi galu wamkulu, n'kuwatsogolera kuseri kwa nyumba. Kapinga wobiriwira ankatsetserekera kumunsi, ndipo kumapeto kwake kunali mitengo ikuluikulu, mikuyu, miwanga ndi mithethe. Mpanda wa njerwa unadutsa pakati pa mitengoyo, ina n'kutsala kunja, ina mkati. Pansi pa ya mkatiyo panali mabedi asanu ndi limodzi a maluwa, aatali, otukuka pang'ono, ozunguliridwa ndi miyala yopaka laimu.

Abdallah anaimba mluzu. "Eya! Chikuto ndi ichi."

Bonaventure anaima pakati pa kapinga. Mkuyu waukulu uja unali ndi chipsera cha mphezi kuyambira panthambi mpaka pansi. Chipsera chimenecho anachiyang'ana m'mawa wonse tsiku limene ankaika mayi ake, pothawa kuyang'ana m'dzenje. Anawerenga mabediwo kuchokera kumpanda.

"Nebert!" adona anaitana.

Kuseri kwa thanki kunatulukira bambo wa imvi, atavala kabudula ndi malaya a khaki, chitini chothirira chili m'manja. Anali a Nebert Phiri, atsibweni ake a Bonaventure, mlongo wa mayi ake. Bonaventure ankadziwa kuti amagwira ntchito ya m'dimba m'tauni, koma kuti ndi pati sanafunsepo.

A Nebert anamuyang'ana kamodzi. Kenaka anavula chipewa n'kuwerama.

"Moni, mabwana."

Abdallah anayankha. Bonaventure anangogwedeza mutu.

"Madala, taimani apa," anatero Abdallah, akuwakoka pamkono. "Ayi, pa lachiwirili, dzuwa lili bwino apa. Phazi limodzi pondani pamwamba, eya, pamaluwa pomwepo, siafa. Chitini m'mwamba ngati mukuthirira. Ndiye musekeko pang'ono."

Bedi lachiwiri kuchokera kumpanda linali mtumbira wa a Naphiri.

A Nebert anayang'ana mphwawo. Adona anali pomwepo, akusisita galu, akumwetulira. Bonaventure anakumbatira chikwama chija ndi manja onse awiri. A Nebert anaponda pomwe anauzidwa, anakweza chitini, anaseka. Abdallah anajambula kasanu.

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Bonaventure anabwereka njinga n'kupalasa mpaka ku Area 10. Sanapite kugeti. Anazungulira kuseri, kumene mpanda unasiya mitumbira ina kunja, m'thengo. Anapeza a Nebert atakhala pamuzu wa muwanga ngati kuti anapangana.

"Ndimadziwa kuti ubwera," anatero.

"Munanditchula bwana, atsibweni."

"Nanga ndikanati mphwanga pamaso pa adona? Akanafunsa kuti mphwako wovala tayiyu anabadwira kuti. Ine bodza silindikhala. Ndikanati pompano, ndiye zonse zikanathera pomwepo. Khala pansi."

Anamufotokozera. Anthu oyeza malo atabwera ndi zikhomo zawo, analonjeza kuti manda sawakhudza. Koma chingwe cha omanga chinadutsa momwe chinafunira. A Nebert anakhala ku Nsaru dzinja limodzi, mtima osakhazikika, ndipo atabwera kudzaona anapeza mpanda utaima, mitumbira isanu ndi umodzi ili mkati. Thalakitala inailambalala chifukwa cha mizu ya mitengo. Anakhala pageti masiku anayi mpaka anawalemba ntchito.

"Adona amafuna kapinga paliponse. Ine ndinati pansi pa mitengo kapinga samera bwino, bola maluwa. Anavomera. Ndinatola miyala, ndinapaka laimu. Tsopano amanditama kwa anzawo kuti ndili ndi dzanja la maluwa."

"Kumudzi akudziwa?"

"Sindinawauze. Akanabwera chigulu kudzalira pageti. Ndipo tsiku lomwe adona adzadziwe kuti amagona pafupi ndi manda, adzauza eni nyumba, eni nyumba adzatumiza thalakitala ija. Kapena adzafukula n'kukataya komwe akudziwa okha. Ine adzandichotsa. Azisesa ndani?"

Bonaventure anathyola kaudzu n'kumakapotokola m'zala.

"Ndiye za mandawa usalembe," anapitiriza a Nebert. "Lemba za maluwa, n'zimene anakutuma. Koma chithunzi chija, mphwanga, chisatuluke. Ndinaponda pamutu pa mlongo wanga mano ali pamtunda. Mulungu anaona, zikwane pomwepo. Anthu asaonenso."

"Ndiyesetsa, atsibweni."

"Sindinati uyesetse."

Lolemba masana anathamangira kusitudiyo ya Abdallah. Anamupeza akujambula khanda limene limakana kukhala pampando. Makolo a khandalo atatuluka, Bonaventure anapempha filimu ija.

"Filimu? Inapita Lachisanu pandege ya ku Blantyre. Ya kala sinditsuka kuno, mukudziwa. Kwagwanji?"

Bonaventure anatseka chitseko n'kumuuza. Abdallah anakhala pampando wa khanda uja, kamera ili pamiyendo.

"Mulungu andikhululukire," anatero. "Ine ndinamukoka mdala uja ndi dzanja langali. Koma inu, achimwene, munali pomwepo. Bwanji simunandigwire mkono? Mukanangoti dzuwa lili bwino pabedi linalo, basi. Ine ndikanamva."

Bonaventure anatsegula chitseko n'kutuluka. Mawu amenewo, oti dzuwa lili bwino pabedi linalo, anali osavuta, ndipo anamuzungulira m'mutu ulendo wonse wobwerera ku City Centre.

Patatha masiku khumi zithunzi zinabwera kuchokera ku Blantyre mu envulopu yaikulu. Chimodzi chinali chitazunguliridwa ndi pensulo yofiira, ndipo pambali panalembedwa kuti mkulu wa kampani wachikonda, chikhale cha pachikuto. A Greenwell anachiimika patebulo.

"Taonani ntchito! Mitengo, maluwa, munthu wosangalala. Abdallah ndi katswiri."

"Bwana, mpanda ukuoneka kwambiri kumbaliku."

"Adzadula."

"Komanso mdalayu maso akuoneka ngati watsinzina. Cha mlatho chija chinali bwino."

A Greenwell anavula magalasi. "A Zikhale, chilowereni muno mukungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Nenani."

"Ndi atsibweni anga. Sakufuna kuoneka."

"Chifukwa?"

Bonaventure anayang'ana kuchitseko. A Greenwell anadzuka, anasuzumira mukhonde, anatseka. Pamenepo Bonaventure ananena zonse, motsitsa mawu, maso ali pansi.

A Greenwell anakhala pansi pang'onopang'ono. Anali munthu wa zaka makumi asanu, amene banja lake linatsala ku Blantyre, ndipo Lachisanu lililonse ankapempha kuti amubwezere kumeneko, osayankhidwa. Anatembenuza chithunzicho n'kuchivundikira patebulo.

"Zimene mwanenazi sindinamve," anatero. "Ndipo musadzazinenenso m'nyumba muno. Makoma ake ndi atsopano koma makutu ali nawo kale."

"Mungowalembera kuti asankhe china."

"Ndilembe kuti chiyani? Kuti likulu lamangidwa pamanda a anthu? Kalata imeneyo idutsa m'manja atatu isanafike kwa mwini wake. Mukumukumbukira Bonface, uja ankakhala desiki ya pawindo ku Blantyre? Iye anangolemba m'nkhani ya alendo kuti msewu wina uli ndi maenje. Chino n'chaka chachiwiri mkazi wake sakudziwa komwe ali."

"Musanene chifukwa. Mungoti sichili bwino."

"Chinthu chimene mkulu wa kampani wachizunguliza yekha ndi pensulo? Afunsa. Ndikapanda kuyankha atumiza munthu kukaona dimbalo, ndipo munthu ameneyo akhala Mmalawi. Mmalawi aliyense akaima pamenepo mphindi ziwiri adziwa chimene akuona. Mukufuna zimenezo?"

Bonaventure anayang'ana chithunzi chovundikira chija.

"Nanga ndikasiya ntchito?"

"Pakati pa kope la likulu? Afunsanso chifukwa, ndipo sadzafunsa ine." A Greenwell anabwezera magalasi kumaso. "Mvetsani, mwana wanga. Chithunzichi chikatuluka, mayi anu agona pomwe agonapo. Tikachiletsa, ndi pomwe awadzutse. Kalembeni nkhani yanu. Ndikuifuna Lachisanu."

Anailemba masiku anayi. Analemba za misewu yotakasuka, za mpweya wabwino wa kuchigawo chapakati, za nyumba zoyera pamwamba pa chitunda. Analemba kuti okonza mzindawo anasiya mitengo yakale chifukwa choilemekeza. Chiganizo chimenecho anachitaipa, anachifufuta, anachitaipanso, poti popanda icho chithunzi chinalibe nkhani. Pansi pa chithunzi analemba kuti awa ndi a Nebert Phiri, amene amasamalira malo ano. Nkhaniyo inapita kwa anthu amene ankawerenga chilichonse chisanasindikizidwe, ndipo inabwera dzinalo litadulidwa. M'malo mwake munali mawu oti wantchito wa m'dimba. Dzina la Bonaventure analisiya, ndipo kwa nthawi yoyamba analiika m'zilembo zikuluzikulu pansi pa mutu wa nkhani.

Asanaitumize anapita kukawauza a Nebert kuti walephera. Anafotokoza zonse zimene a Greenwell ananena. A Nebert anamvetsera akunola chikwakwa, osadukiza.

"Ndamva," anatero pomaliza, n'kupitiriza kunola.

Magazini inatuluka mu Ogasiti. Mkulu wa kampani analemba kalata yoyamikira, ndipo analamula kuti mitengo ya panyumba ija asadulepo ndi umodzi womwe. Adona analandira makope khumi, limodzi analiika m'felemu. Anagulanso tebulo ndi mipando yachitsulo n'kuziika pansi pa mkuyu, ndipo Lachinayi lililonse akazi a oyendetsa ndege ankabwera kudzamwera tiyi pamenepo. Mipandoyo ankanyamula ndi a Nebert. Bonaventure anawayendera kawiri mwezi umenewo. Anamulandira, anamufunsa za ntchito, koma sanamuuze kuti akhale pansi.

Chakumapeto kwa Seputembala, m'mawa wina, mesenjala analowa n'kunena kuti pali mayi wina wakhala pansi mukhonde, akukana mpando, akufuna a Zikhale. Bonaventure atatuluka anapeza Evelesi atatambalala pasimenti, mapazi ali mbuu, kathumba kali pamiyendo. Makalaliki ankamulambalala akuyang'ana kumbali.

"Alongo! Bwanji osatumiza mawu?"

"Tiye panja," anatero Evelesi.

Anatsika masitepe n'kukaima pabwalo, padzuwa, poti mthunzi panalibe. Evelesi anatulutsa magazini m'kathumba, yopindikapindika. Anaipeza kwa mnyamata wa m'mudzi mwawo amene ankasesa m'ndege kubwalo la ndege, ndipo inali itayenda kale nyumba ndi nyumba. Anatsegula n'kuloza ndi chala.

"Chizungu sindidziwa, koma dzina ili ndaliwerenga. Ndi lako?"

"Ndi langa."

Anatseka n'kuloza pachikuto. "Awa ndi atsibweni. Uwu ndi mkuyu wathu. Nanga apa apondapa ndi pa yani?"

Bonaventure anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu pafupi.

"Ndi pa amayi."

Evelesi anagwedeza mutu ngati munthu amene wangomva zomwe amadziwa kale.

"Kumudzi akuti atsibweni anagulitsa manda kwa azungu. Ena akuti wagulitsa ndi iwe. Amuna akufuna kubwera."

"Asabwere, alongo, chonde. Akabwera ndiye kuti..."

"Ndawaletsa. Ndati ndiyambe ndakaona ine." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Kodi unali pomwepo akujambula?"

"Ndinali pomwepo."

"Osanena kanthu?"

"Osanena kanthu."

Evelesi anamuyang'ana nthawi yaitali. Bonaventure anayembekezera kuti amulalatire, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma mlongo wakeyo anangopinda magazini ija n'kuibweza m'kathumba.

"Sindinabwere kudzakuweruza, Bona. Zaka zisanu ndakhala ndikuganiza kuti amayi anawathira phula pamwamba, magalimoto akuwaponda. Ndimalota zimenezo. Pachithunzipa ndaona kuti alipo, ali ndi miyala yawo. Ndiye undilowetse. Ndikufuna ndikagwire dothi lawo ndi manja angawa."

"Kuli geti, kuli mlonda, kuli galu."

"Iwe unalowa bwanji?"

"Ine ndinapita pantchito."

"Ndiye inenso undipezere ntchito."

Evelesi anagona ku Area 4 kwa mkazi wa mnzake wa Bonaventure, ndipo m'mawa mwake anakumana ndi a Nebert kuseri kwa mpanda. Atsibweniwo ataona mwana wa mlongo wawo anafuna kufotokoza, koma Evelesi anagwada n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwasesa nokha zaka zonsezi, atsibweni. Zikomo."

A Nebert anatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka.

Tsiku lomwelo a Nebert anakauza adona kuti mabedi a maluwa akufunika kuzula zouma ndi kutembenuza dothi mvula isanagwe, ndipo pali mayi wina wofuna ganyu ya tsiku limodzi. Adona anavomera kuti abwere Loweruka.

Loweruka m'mawa Bonaventure anamuperekeza mpaka pakageti ka kumbuyo, kolowera antchito. Iye sakanalowa. Adona ankamudziwa kuti ndi mlembi uja wa magazini. Akanamuitanira pakhonde, n'kumufunsa chimene wadzera, n'kuona kuti nkhope yake ndi ya mayi waganyuyo n'zofanana. A Nebert anatsegula, Evelesi analowa ndi kakhasu kake, kageti kanatsekedwa.

Bonaventure anazungulira m'thengo muja, pakati pa mitumbira yakunja imene inali itamera udzu. Pafupi ndi mpanda panali chulu. Anakwerapo, ndipo ataima ndi zala anatha kuona mkati kudzera m'masamba.

Adona anali pakhonde ndi nyuzipepala, galu ali kumapazi. Evelesi anayambira bedi lakutali, monga a Nebert anamulangizira, kuti zisaoneke zachilendo. Anazula, anatembenuza dothi, anasunthira pa lina. Dzuwa linali litakwera pamene anafika pa lachiwiri kuchokera kumpanda. Pamenepo anaika khasu pansi. Anagwada n'kuyamba kuzula ndi manja, pang'onopang'ono, akusalaza dothi ndi chikhatho ngati akuyalula mphasa. Kulira sakanalira. Anayamba kung'ung'udza nyimbo, ija anaimba amayi a mpingo tsiku la maliro.

Adona anatsitsa nyuzipepala n'kunena kanthu m'Chingerezi. A Nebert anavula chipewa, anayankha, kenaka anapita pomwe panali Evelesi.

"Akuti nyimboyo ndi yokoma," anatero. "Akuti ukweze mawu amve bwino."

Evelesi anadzutsa mutu n'kuyang'ana kukhonde. Kenaka anaimba mokweza, ndime zonse, manja ali m'dothi. A Nebert anaima pambali chipewa chili pachifuwa, ndipo pofika ndime yachiwiri analowetsa mawu awo a besi. Adona anamvetsera mutu uli chopendekeka, ndipo nyimbo itatha anaomba m'manja.

Bonaventure anatsika pachulu. Anakhala pansi atatsamira njerwa zotentha, tayi ali m'thumba, nkhope ili m'manja. Pambuyo pake, posowa chochita, anayamba kuzula udzu pamtumbira umene unali pafupi naye. Sanadziwe kuti ndi wa yani.

Evelesi anatuluka dzuwa lili paliwombo. Maso anali ofiira koma ouma. Pansonga ya chitenje anali atamangapo kadothi. Anayang'ana mtumbira umene mlongo wake anapalira theka, anayang'ananso manja ake.

Anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera basi ya ku Old Town. Kudepoti, basi ya ku Nsaru inali itatsala pang'ono kudzaza.

"Kumudzi mukanena chiyani?" anafunsa Bonaventure.

"Ndikanena kuti alipo onse asanu ndi mmodzi, ndipo amene akufuna kuwaona aphunzire kupalira maluwa. Mmodzimmodzi, osati chigulu. Za iwe akafunsa ndikati uli pantchito."

"Lolemba akufuna ndiyambe nkhani ya fodya," anatero Bonaventure, osadziwa chifukwa chimene akunenera.

"Lemba." Evelesi anaponda pasitepe ya basi, kenaka anatembenuka. "Ukawauze atsibweni kuti mvula ikagwa asamapalire kwambiri pa amayi. Udzu wina azindisiyira, apo ayi adona sandiitananso."

Kondakitala anamenya chitseko, ndipo Evelesi analowa kukafuna pokhala.